Tsiku Limene Ndinawasankhira a Alufeo

Lachiwiri, 27 Meyi 2025

Chisanu chafulumira chaka chino. Phiri osaoneka, nkhungu yokhayokha mpaka cha m'ma 9.

Ndinapita kwa a Aziz, aja a shopu ya mafoni ndi zosindikiza pafupi ndi siteji ya maminibasi. Nkhani yake ya webusayiti. Zaka khumi ndi chimodzi ndikubwereketsa matenti, mipando ndi miphika pano pa boma popanda chinthu chimenechi, koma mwana wanga Jacqueline sakundipumitsa. Akangoimba kuchokera ku Blantyre: "Amayi, anzanu a ku Linthipe ali pa intaneti, inu mukadali m'kope." Ngati kopelo ndi tchimo.

Komabe zinandiwawa mwezi watha. Ukwati wa mwana wa ahedi, anthu oti timapemphera limodzi, unapita kwa a ku Linthipe omwewo. Matenti awo azigamba. Ati anawapeza pa foni.

A Aziz anajambula timabokosi titatu kuseri kwa katoni. Kani mawebusayiti ali mitundumitundu! Ine ndimayesa ungofika n'kunena kuti ndipatseni imodzi, ngati buledi. Woyamba, tsamba limodzi basi, ngati chikwangwani cha pamsewu: dzina, zithunzi, nambala, wofuna aimbe. Wachiwiri ngati sitolo, chilichonse ndi mtengo wake, munthu n'kulipiriratu. Wachitatu wa kalendala, munthu amadzionera yekha masiku amene katundu alipo n'kusungitsa.

Ndati ndikaganize. Mutu waima.

Lachinayi, 29 Meyi

Wa sitolo ndaukana. Mtengo wanga sulembedwa poyera. Ukwati wa bwana wa ku Lilongwe mtengo wina, maliro a mayi wosauka wa mumphakati mwathu ku tchalitchi mtengo wina, mwinanso ulere. Ndizilembe zimenezi kuti anthu ayambe kundiwerengera?

A Aziz amati nditenge wa chikwangwani. "Mayi Falesi, ntchito yanuyi ndi ya pakamwa ndi khutu. Anthu anu amafuna kulankhula nanu, osati kudinadina."

Ndinafunsa kuti a ku Linthipe ali ndi uti. Wa chikwangwani.

Basi, nkhani inathera pomwepo. Ine wa kalendala. Ndifanane nawo chifukwa chiyani? Anapukusa mutu, nanena kuti ndi wodulirapo komanso wofuna kuusamala ngati khanda. Ndinati makanda ndalerapo anayi.

Ndinatuluka m'shopumo ndikuyenda ngati mwini msewu. Ndinagula kachewere wokazinga pa siteji, chinthu chimene sindichita.

Lamulungu, 1 Juni

Titaweruka ku Misa, Kizito. Mwana wa a Alufeo, uja ali ndi sitolo ya zitsulo ku Lilongwe. Analowera khomo la kuseri, pikapu yake ataisiya kutali. Ndikaona munthu walowera kuseri ndimadziwiratu.

Bambo ake ali m'chipatala pano pa boma, sabata yachitatu. A Alufeo omwe aja, ocheka matabwa ku nkhalango ya paini. Mabenchi anga oyamba, ndisanagule mipando ya pulasitiki, matabwa ake anacheka ndi iwo. Theka sanandilipiritse, ati mkazi wamasiye salipira kawiri.

Kizito anakhala pa mpando osandiyang'ana. "Mayi, adokotala anandiitanira pambali. Impso zatha. Mwezi uno ndi wa maukwati, ndikuopa kuti zikachitika tidzasowa tenti, anthu n'kugona pa chisanu. Mundisungire awiri ndi mipando. Koma zisatuluke. Ngakhale amayi asamve."

Analira. Mwamuna wa ndevu zake.

Si woyamba. Aliyense amadziwa kuti munthu sumukonzera maliro akupuma, ndi malaulo. Koma anzeru amabwera chonchi, kuseri, monong'ona. Ine n'kulemba, n'kutseka pakamwa. Ena mwa iwo odwalawo anachira, n'kudzabwereka mipando yomweyo pa chinkhoswe cha mdzukulu, osadziwa kanthu mpaka lero.

Ndalemba m'kope: Maliro a bambo Alufeo. Matenti 2, mipando 150. Wasungitsa Kizito. Tsiku: pakachitika.

Ambuye, asachitike.

Lachitatu, 4 Juni

Kope ndasiya kwa a Aziz kuti alowetse zonse za mwezi uno m'kalendala. Kutuluka m'nyumba popanda kope, ngati ndaiwala mpango.

Anajambulanso matenti. Ndinawakhomeratu pabwalo la sukulu, oyera aja awiri ndi wa mizere. Ndinavala chitenje chatsopano, ndinaima pambali. Akuti ndimwetulire, ine mano akugundana ndi mphepo.

Anafunsa ngati mayina a osungitsa azioneka, kapena pazingolembedwa kuti patengedwa. Aoneke! Pa 28 pali ukwati wa mwana wa abwana a kubanki. Dedza yense aone amene amabwera kwa Falesi.

Lachinayi, 5 Juni

Tsiku la chipwirikiti. Kukweza katundu wa chinkhoswe cha Loweruka, woyendetsa lole akuliza hutala ngati kwapsa, mphika waukulu osaoneka. Kenaka unapezeka kwa aneba, anaphikira thobwa osandiuza.

Pakati pa zonsezo foni ya a Aziz. Akuti pali mzere umodzi wopanda tsiku, kalendala ikukana kuulandira. Siidziwa za pakachitika, imafuna deti. Ndinaganiza msangamsanga, foni ili pakhutu, dzanja lina likuwerenga mbale. Pa 7 padzaza. Pa 14 padzaza. Pa 28 ukwati waukulu uja. Ndinati ikani pa 21, tidzasintha.

Msana ukuwawa. Mbale zitatu zosweka.

Lolemba, 9 Juni

Yatuluka!

Dzina langa pamwamba, zilembo zofiira. Ine ndili poteropo pambali pa tenti, wonenepa kuposa mmene ndilili, koma palibe kanthu. Ndinaona chithunzicho mwina kakhumi. Kalendala ndinangoisuzumira, tizilembo take tating'ono, magalasi ndinaiwala kutchalitchi dzulo.

Ndatumiza ku gulupu ya amayi a parishi, ya mphakati, ya amalonda a mumsika, ya achibale. Ndaikanso pa sitetasi. Jacqueline akuti, "Amayi mwafikapo." Mayi wina wa ku Ntcheu wasungitsa kale mipando ya mwezi wamawa, munthu woti sindinamuonepo.

Ndaphika nkhuku pa Lolemba. Ndani andiletse?

Lachiwiri, 10 Juni

Mayo ine.

Sindikudziwa poyambira. 

Cha m'ma 7 m'mawa, Pilira, mlongo wake wa Kizito, amene akudikirira bambo ake kuchipatala. Osaodira. Anangolowa n'kundiika foni kumaso. Ndinatenga magalasi, amene aneba anandibweretsera usiku kuchokera kutchalitchi.

Loweruka, 21 Juni. Maliro a bambo Alufeo. Matenti 2, mipando 150. Wasungitsa Kizito.

Poyera. Pansi pa chithunzi changa chomwetulira chija.

M'maso munada. Thukuta, kunja kuli chisanu. Ndinakhala pansi pa simenti penipeni.

"Bambo anga ndawamwetsa phala m'mawa uno. Ali moyo. Izi ndi chiyani, Mayi Falesi?"

Wina wa m'gulupu ya amayi anajambula tsambalo usiku n'kutumiza kwa achibale awo. Pofika m'mawa anthu a kumudzi kwawo, kuseri kwa phiri, anali atayamba kale kuimba foni kupepesa. Azakhali ena anakwera kabaza akulira, kukapeza womwalirayo atakhala pabedi akufunsa sopo.

Ndiye Pilira anafunsa funso lija. "Zoti Kizito anasungitsa matenti ndamva. Koma tsikuli? Anadziwa bwanji tsiku? Anakuuzani ndi iyeyo?"

Ndilembe zoona, muno mulibe wondiona. Ndinayankha kuti, "Ine mwanawe ndimangolemba zimene ndauzidwa."

Zinatuluka zokha. Anandiyang'ana, anagwedeza mutu, anapita.

Nkhuku ya dzulo ili m'poto, sindinaikhudze.

Lachitatu, 11 Juni

Kwa a Aziz ndinafika asanatsegule. Ndinalalata, anthu a pa siteji n'kumasuzumira. Iwo anandileka mpaka ndinatha mpweya.

Kenaka anati, "Ndinakufunsani za mayina, munati aoneke. Ndinakufunsani za tsiku, munati pa 21. Munthuyo ine sindimudziwa. Ndimayesa ndi wofera ku Joni, thupi likudikira galimoto. Mukanandiuza kuti ali moyo, sindikanalemba ngakhale mutandilipira kawiri."

Zoona zokhazokha.

Anachotsa mzerewo pomwepo, ine ndikuona. Sizinatenge ndi mphindi imodzi. Ndinati ndiye kuti zatha? Anati pa webusayiti zatha, koma chithunzi chili m'mafoni a anthu, ndipo mmenemo iwo salowamo. Madzi akatayika saoleka.

Mumsika amayi a tomato anasiya kulankhula nditafika. Mmodzi, wolimba mtima: "Inu a Falesi mulibe mlandu, munangolemba. Koma mwana ameneyo! Pikapu ija tinkadabwa."

Ndinagula tomato wosafunika n'kuchoka. Sindinatsutse.

Lachisanu, 13 Juni

Zafika poipa.

Kizito anabwera dzulo kuchokera ku Lilongwe ndi zakudya, mankhwala ndi matewera a akuluakulu. A Bartholomew, ang'ono awo a Alufeo, anamuimirira pa geti ya chipatala. Pamaso pa anthu. Akuti munthu wodziwa tsiku la imfa ya bambo ake ndiye kuti walipangana ndi wina wake. Akuti sitolo ija, pikapu ija, zonse ndi zokhwimira, tsopano zikufuna mutu wa bambo. Katundu yense anamubwezera. Ngakhale bulangete limene anagula mwezi watha alichotsa pabedi. Mwezi wa Juni, ku Dedza, munthu wodwala impso afunde nsalu ya chipatala yokha!

Amayi ake, a Jenifa, sanatuluke n'komwe kudzamuona. A Alufeo sanauzidwe kanthu. Akuti Kizito watanganidwa ku ntchito.

Madzulo Kizito anandiimbira. Ndinaiyang'ana foni ikulira mpaka inaduka. Kachiwiri ndinayankha.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. "Mayi, za matenti ndinapempha ndine, ndavomera pamaso pawo. Koma tsiku sindinatchule, mukudziwa. Ndawauza, akuti ndikunama, akuti Mayi Falesi anena okha kuti amalemba zouzidwa. Inu mukakanena akumverani. Ndikungofuna kuwaona bambo anga."

Ndinati ndipita mawa.

Ndikanena kuti tsiku ndinasankha ndine, mfiti ndikhala ine. Mkazi wamasiye, wokhala yekha, wodyera pa maliro a anthu. Nkhani yake ndi yokonzeka kale, ingosowa dzina. Adzabwerekenso tenti kwa ine ndani?

Loweruka, 14 Juni

Sindinapite. Zinkhoswe ziwiri ndi ukwati umodzi, ndinali ndi chonamizira.

Pa ukwati anthu kuvina, kufupa, ine ndili kuseri kwa tenti kuwerenga mipando imene ndinaiwerenga kale.

Mayi wina, dzina sindilemba ngakhale muno, anandikokera pambali. Anasungitsa za chinkhoswe cha mwana wake mwezi wa Ogasiti, ankhoswe asanapite n'komwe kukafunsira. "Tsamba langa lija mung'ambe. Sindikufuna kudzadziona pa foni." Ndinang'amba iye akuona. Zaka khumi ndi chimodzi ndikusunga za anthu m'mimba, lero akundiopa ngati wailesi.

A Aziz atumiza uthenga. Kalendala aichotsa yonse, atsala ndi tsamba limodzi: dzina, zithunzi, nambala. Chikwangwani chomwe ndinachikana chija. Akuti sandilipiritsa posintha. Walira mvula walira matope, Falesi.

Lamulungu, 15 Juni

Misa yoyamba. Pa mapemphero a odwala anatchula a Alufeo, tchalitchi chonse ng'ung'ung'u. Wina kumbuyo kwanga: "Atsala ndi masiku asanu ndi limodzi." Anthu akuwerenga masiku! M'nyumba ya Mulungu!

Sindinapite kukalandira Ukaristiya. Ndinakhala pa benchi, anthu n'kumandilambalala mawondo. Bambo mfumu anandiyang'ana kamodzi. Kapena ndimangoganiza.

Mauthenga awiri a Kizito. Woyamba: Mayi mwapita? Wachiwiri, madzulo: Chonde.

Jacqueline ndamuuza theka lokha. Akuti ndisadandaule, pa intaneti nkhani zimaiwalika msanga. Kwawo ku Blantyre mwina.

Lachiwiri, 17 Juni

Nkhani yabwino! A Alufeo akhala tsonga. Adya mbatatesi ziwiri ndi tiyi, afunsa ngati nyemba za kudimba zathiriridwa. Wandiuza ndi mayi wa mumphakati amene anakawaona.

Ndinalowa kuchipinda n'kugwada. Kolona yonse, osadumpha.

Maganizo anga ndi awa. Akangodutsa pa 21 ali moyo, nkhani yonse yafa yokha. Anthu adzaseka, adzati makina ananama. Kizito adzalowa, a Bartholomew adzachita manyazi, ine sindidzafunika kunena kanthu. Masiku anayi okha. Kizito wadikira kale asanu, anayi ena samupha.

Ndikudziwa kuti ndi maganizo a munthu wamantha. Ndawalemba kuti ndiwaone ndi maso, ndipo ndi onyansa ndithu. Komabe ndidikira.

Lachinayi, 19 Juni

Abwerera m'mbuyo. Kuyambira dzulo masana. Miyendo yatupa, mkodzo osatuluka. Bambo mfumu awadzoza m'mawa.

Amayi a mphakati anati tikapemphere nawo. Kukana kukanaoneka. Ndinapita, ndinaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.

Munthu uja watha. Manja aja ankakoka sowo tsiku lonse, lero ngati timitengo. Afunda zitenje ziwiri za a Jenifa pamwamba pa nsalu ya chipatala, akunjenjemerabe.

Tili pakati pa nyimbo anatsegula maso, n'kundipeza kumbuyo komweko. "Falesi. Mabenchi aja akadalipo?"

Ndinati awiri akadalipo, bambo.

"Paini wa kumtunda ameneyo. Saola msanga." Anapuma nthawi yaitali. Kenaka: "Inu mumayenda m'maukwati, mumaona anthu. Mukamuona Kizito mumuuze ndikumudikira. Sanandisiyepo chonchi mwana ameneyo. Kaya ndamulakwira chiyani."

Pilira anatuluka akuthamanga. A Jenifa maso pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

Kaya ndamulakwira chiyani.

Ndinafika kunyumba sindikudziwa kuti ndadzera njira iti. Ndinasanza kuseri kwa bafa. Ine ndimawerenga masiku anayi ngati ndi anga. Ndi a munthu uja, ndipo mwina alibe.

Ndaimbira a Aziz. Ndati mawa ndikukanena, koma ndikuopa kuti adzati Kizito wandigula. Akuti abwera nane, atseka shopu, bola tikathe isanakwane nthawi yawo ya mapemphero a Juma ku mzikiti. Munthu woti ndinamulalatira pagulu sabata yatha.

Kope ndaika m'chikwama.

Lachisanu, 20 Juni

Ndanena.

Tinawapeza kumalo ophikira odikirira odwala, kuseri kwa chipatala. Utsi, mapoto, amayi a m'mawodi onse. A Bartholomew pa njerwa, a Jenifa akupepeta mpunga, Pilira akukoleza moto. Ndimafuna tipite pambali, koma a Bartholomew anati za mbale wawo zinayamba poyera, zithere poyera.

Ndinagwada pa dothi. Ndinatsegula kope pa tsamba lija, a Bartholomew anawerenga okha mokweza, chala chili pa mzere. Tsiku: pakachitika. A Aziz anafotokoza za kalendala yosalandira mzere wopanda deti, ndi za foni ya pa 5 ija. Anaonetsa ngakhale nthawi imene anaimba.

Ndinati Kizito sanatchule tsiku. Ndinatchula ndine. Ndipo Pilira atandifunsa ndinanama.

A Bartholomew anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mukuti mbale wanga munamuika pa 21 chifukwa pa 14 panali ukwati?"

Ndinati inde.

"Ngati mbuzi yokapha."

Amayi onse aja anasiya zophika. Wina anaseka, wina anati Yesu Maria. Pilira analira mokweza, akunditchula mayina amene sindilemba, ndipo onse ndi ondiyenera. Masiku khumi mlongo wake akutchedwa mfiti, iye yemwe anamutukwana pa foni.

A Jenifa sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Anaika lichero pansi, anasasa manja. "Pilira, muimbire mlongo wako. Umuuze abwere ndi bulangete lija."

Anafika cha m'ma 2. Ndinamuona ndili pansi pa mtengo kunja kwa geti, sindinayerekeze kulowa. Anatsika pikapu osatseka chitseko, bulangete m'manja, akuthamanga ngati kamwana. A Bartholomew anamupatukira.

Akuti bambo ake anamuzindikira. Akuti anamugwira chala, n'kumufunsa chifukwa chake waonda. Anakhala limodzi maola atatu.

Maola atatu. Akanakhala masiku asanu ndi atatu.

Cha m'ma 5 ndinamva kulira kuchokera ku wodi ya abambo. Mawu a Pilira ndinawazindikira.

Ndinakhalabe pansi pa mtengopo mpaka mayi wina wotuluka anandiuza zotsala. Thupi linyamuka madzulo omwe ano kupita kumudzi. Achibale anasonkhana kale sabata yonseyi, palibe wodikira. Bambo mfumu Lamulungu ali ku nthambi ina. Ndiye aika mawa.

Mawa ndi pa 21.

Ndinatulutsa foni kuti ndiimbire Kizito, ndimupemphe asunthire Lolemba. Nambala ndinaipeza. Kenaka ndinadzifunsa, ndiwasankhirenso tsiku kachiwiri? Ndinabweza foni m'chikwama.

Matenti awiri aja ali m'sitolo, opindidwa bwinobwino. Palibe waimba.

Loweruka, 21 Juni

Ndinadzuka ndisanaganize chochita. Kusapita, adzati waona, akudziwa chimene anachita. Kupita, maso onse. Ndinavala chitenje cha amayi a parishi, ndinanyamula ufa ndi nkhuni, ndinakwera kabaza. Wa kabaza njira yonse osalankhula, pofika anakana kundiyang'ana polandira ndalama.

Anthu ngati nyerere. Midzi yonse ya kuseri kwa phiri, ena oti a Alufeo sankawadziwa n'komwe. Anabwera kudzaona maliro amene analengezedwa munthu akudya mbatatesi. Matenti anabwereka kwina. Sindinawayang'ane kawiri.

Kizito anali ndi adzukulu, maso ofiira. Anandiona, anabwera, anandipatsa moni wa manja awiri. "Zikomo Mayi, ndinawapeza." Basi. Ndikanakonda akanandimenya.

Ndinalowa m'siwa. Amayi ali thithithi, nyimbo ili pakati. Nditagwada pakhomo nyimbo inatsika yokha, ngati wailesi yotha mabatire. Pamphasa panalibe malo, koma malo anapezeka. Wa kumanja anasuntha, wa kumanzere anasuntha, wina anakoka mwana wake n'kumuika pamiyendo. Ndinakhala pakati pa bwalo langalanga.

A Jenifa anali pafupi ndi mutu wa bokosi, atatsamira khoma. Tinayamba limodzi m'gulu la amayi ine ndili mtsikana. Pa maliro a bambo a Jacqueline anagona pambali panga masiku atatu.

Anakweza dzanja, anandikodola. Ndinayenda ndi mawondo, amayi akupinda miyendo kuti ndisawakhudze. Ndinafika, ndinati pepani amayi, pepani. Anandigwira dzanja, osalisiya. Manja ozizira. Kwa nthawi yoyamba chiyambire zonsezi anandiyang'ana m'maso.

Sanakweze mawu, koma m'nyumbamo munali zii, aliyense anamva.

"Falesi, nanga langa mwaliika liti?"

Kaya kunali kunyoza, kaya amafunsadi. Nkhope yawo sinanene. Dzanja langa anali ataligwirabe, akudikira yankho, ndipo amayi onse aja amadikira nawo.